Ntchito yodzipereka ku Vwaza isathere kwa alendo okha

Chilimwe chikafika pachimake, madambo ambiri m'nkhalango yosungirako nyama ya Vwaza Marsh amauma, ndipo njovu, njati, nswala ndi njiri zimasonkhana pa nyanja ya Kazuni kufuna madzi. Mvuu nazo zimathithikana pamadzi ochepa omwe atsala. Iyi ndi nyengo yomwe nyama zimawerengeka mosavuta, komanso ndi nyengo yomwe moto wolusa umabuka ndipo opha nyama mozemba amatchera makhwekhwe m'njira zopita kumadzi. Ntchito imachuluka kuposa anthu oigwira.

Nkhalangoyi ili m'maboma a Rumphi ndi Mzimba, kumalire ndi dziko la Zambia, ndipo kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 1,000. Kuyambira mu 2018, bungwe la Biosphere Expeditions, mogwirizana ndi la Lilongwe Wildlife Trust, lakhala likubweretsa anthu ongodzipereka ochokera maiko akunja kudzagona pamsasa wa kafukufuku m'nkhalangomo m'miyezi ya chilimwe. Anthuwa salandira malipiro. Iwowo ndiwo amalipira ulendo wawo, chakudya ndi pogona.

Ntchito yomwe amagwira si ya akatswiri okhaokha. Amamangirira pamitengo makamera omwe amajambula okha nyama ikamadutsa, amawerenga mvuu, komanso amalemba m'kaundula njovu iliyonse poyang'ana minyanga yake ndi malo ong'ambika m'makutu mwake. Ambiri mwa iwo amafika asakudziwa kanthu za ntchitoyi, amaphunzitsidwa masiku ochepa, kenako nkuyamba kugwira.

Alendowa ngofunika kuwayamika. Akuluakulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo ndalama ndi zipangizo zomwe amabweretsa zimathandiza kuti kafukufuku ayende. Koma akuluakulu omwewo anatinso mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Pakatha sabata zingapo amakwera ndege, luso lomwe waphunzira nkupita nalo kwawo, pomwe njovu zimatsala ndi anthu a ku Kazuni, Bolero ndi Hewe.

Funso nali: ngati munthu wochokera ku Ulaya angaphunzire kuwerenga mvuu m'masiku ochepa, chingalepheretse mwana wa ku Bolero yemwe wafika Fomu 4 nchiyani? Mwanayu dzuwa la ku Vwaza analizolowera, mapazi a nyama amawadziwa, ndipo amayankhula Chitumbuka chomwe anthu ozungulira nkhalangoyi amayankhula. Chomwe alibe ndi ndalama zolipirira malo pamsasa.

Nyengo nayo ikugwirizana bwino ndi kalendala ya pakhomo. Mayeso a MSCE amatha chapakati pa chaka, zokolola zili kale m'nkhokwe. Kuchokera apo mpaka mvula yodzalira, anyamata ndi atsikana ambiri m'matauni ang'onoang'ono amangokhala, ena pabawo, ena pasiteji ya kabaza, ena nkuyamba kulawa kachasu. Miyezi yomweyi ndi yomwe nkhalango imasowa anthu. Wachinyamata atha kukakhala kumsasa miyezi iwiri kapena itatu nkubwerera kwawo nthawi yogwira khasu isanakwane.

Nzoona kuti bungwe la Biosphere Expeditions lili ndi ndondomeko yopereka malo aulere kwa anthu a m'maiko momwe limagwira ntchito, ndipo ichi nchiyambi chabwino. Koma gulu lobwera sabata zochepa pachaka silingatenge anthu ambiri. Chofunika ndi ndondomeko ya dziko lino yokhazikika, yodziwika chaka ndi chaka, yolengezedwa m'sukulu, m'mipingo ndi m'mizikiti, osati yomvera m'maluwa.

Oti ayambe ntchitoyi alipo kale. Mu 2023 boma linasainirana mgwirizano wa zaka 20 ndi bungwe la Peace Parks Foundation woyendetsera limodzi Nyika ndi Vwaza. Kulinso bungwe la Nyika-Vwaza Association lomwe limaimira anthu a m'midzi yozungulira malo awiriwa, ndipo m'sukulu zambiri muli makalabu a zachilengedwe a Wildlife and Environmental Society of Malawi. Mbali zimenezi, pamodzi ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, zikhale pansi ndi kugwirizana kuchuluka kwa malo a achinyamata chaka chilichonse ndi njira yosankhira yopanda chinyengo kapena kukondera abale.

Komabe kudzipereka si ukapolo, ndipo makolo ali ndi ufulu wofunsa mafunso mwana asananyamule chikwama. Funso loyamba likhale la umoyo. Ku Vwaza kuli ntchentche za kashembe zomwe zimafalitsa matenda a kaodzera, ndipo mtundu wa matendawa wopezeka kuno umapha m'sabata kapena miyezi yochepa ngati munthu salandira chithandizo. Umayamba ngati malungo, kutentha thupi ndi litsipa, nthawi zina ndi chotupa pomwe ntchentche yaluma. Chithandizo chilipo pa chipatala cha boma cha Rumphi, pomwenso anayesera mankhwala akumwa otchedwa fexinidazole. Msasa uliwonse ukhale ndi galimoto yothamangitsira wodwala kuchipatala, masikito ogonamo ndi zovala zamanja aatali za mtundu wa khaki, pakuti kashembe amakopeka ndi nsalu zakuda ndi za buluu.

Funso lachiwiri ndi la chakudya ndi pogona. Mlendo wakunja amadzipereka ali ndi ndalama m'thumba, pomwe mwana wa mlimi wa fodya alibe. Kumuuza kuti adzigulire ufa ndi ndiwo nkumutsekera chitseko mwaulemu. Apatsidwe chakudya, thiransipoti yopitira ndi yobwerera, ndi kangachepe kogulira sopo. Atsikana akhale ndi pogona pawo potetezeka ndi mayi wamkulu wowayang'anira, kuti makolo asachite mantha kuwalola.

Lachitatu, wodzipereka si msilikali wa zanyama. Kulondola anthu onyamula mfuti ndi kuthamangitsa njovu zolowa m'minda ndi ntchito ya agemu ophunzitsidwa komanso olipidwa. Nkulakwa kugwiritsa ntchito ana a eni ake ngati njira yopewera kulemba antchito. Wachinyamata aziyenda m'tchire moperekezedwa ndi mgemu, ndipo ntchito yake ikhale yowerenga, kulemba, kukonza njira zotchinga moto ndi kucheza ndi ana a sukulu.

Pomaliza nyengo yake, atuluke ndi satifiketi yolembedwa bwino zomwe waphunzira. Pepala limeneli limuthandize akamafunsira malo ku Malawi College of Forestry and Wildlife ku Dedza kapena ku yunivesite ya Mzuzu, ngakhalenso ntchito yoperekeza alendo okaona malo.

Ena anganene kuti banja lomwe njovu zinalidyera chimanga lilibe chifukwa chotumizira mwana kukatumikira njovu zomwezo. Madandaulo amenewa ngomveka ndipo asanyozedwe. Koma banja lotere ndi lomwe likufunika kwambiri munthu wake mkati mwa mpanda, woti akabwera afotokoze komwe nyama zimadutsa, yemwe angauzidwe mpanda ukaduka, ndi malamulo a kumweta udzu kapena kugwira nsomba mololedwa. Atha kuchenjezanso anzake kuti chisinthire lamulo la nyama zakutchire mu 2017, milandu ikuluikulu chilango chake chimafika zaka 30 m'ndende. Uthenga wotere umamveka bwino ukachokera pakamwa pa mwana wa m'mudzi momwemo.

Ndondomekoyi ikayenda bwino ku Vwaza, itha kufalikira ku nyanja ya Chilwa ndi ku Elephant Marsh m'chigwa cha Shire, komwe mbalame za m'madzi zimafunika oziwerenga. Oyendetsa nkhalango alengeze malo a chilimwe chikubwerachi mayeso a MSCE asanathe, ndipo makolo omwe mafunso awo ayankhidwa mokhutiritsa asakanize ana awo kupita.