Tichonge maganizo a mwana, osati zaka zoloweza zokha

Muuzeni mwana wa Folomu 4 kuti alembe chimangirizo chofotokoza chifukwa chimene Inkosi Gomani II idauzira anthu ake ku Ntcheu kuti aleke kumvera malamulo a atsamunda mu 1953. Ambiri adzandandalika mfundo zisanu, chaka chili m'malo mwake, dzina la Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland lalembedwa mosaphonya. Mphunzitsi adzayendetsa cholembera chofiira, kuchonga apa, kuchonga apo, malikisi onse n'kupereka. Ine ndikuti pamenepa sitinayese mbiri. Tayesa kuloweza basi.

Nkhani ya Gomani ili ndi fupa, ndipo mwana wophunzira bwino ayenera kulikukuta. Itatha njala ya 1949, boma la Bwanamkubwa Geoffrey Colby lidakhwimitsa malamulo a malimidwe. Aliyense ankayenera kuunda mizere yopingasa ndi kukumba milambala, ndipo wokana ankalipa chindapusa kapena kukalowa m'ndende. Komatu mizere yopingasa si chinthu choipa. Imagwira madzi, imateteza nthaka, mpaka lero tikuundabe. Nanga bwanji mfumu yanzeru idauza anthu ake kuti akane? Yankho lake n'lakuti mafumu ndi a Nyasaland African Congress adali atakana Chitaganya mobwerezabwereza, ena mpaka kukafika ku London, koma boma la Britain lidatseka makutu. Mlimi wa ku Lizulu adalibe voti. Chimene adali nacho m'manja ndi khasu, ndiye adalankhula poligoneka pansi.

Mwana amene wazindikira zimenezi, ngakhale Chingerezi chake chikhale chothyokathyoka, ngakhale alembe 1954 m'malo mwa 1953, wamvetsa mbiri kuposa mnzake uja wa mfundo zisanu. Cholakwa cha chakacho chimuchotsere malikisi amodzi. Koma zimawawa kuona pepala lotere litadzaza mizere yofiira ya galamala, pansi palembedwa kuti "wasochera", chonsecho ganizo lake ndi lomwe funso limafuna.

Aphunzitsi ena amati mapepala ngochuluka, nthawi njochepa, ndipo popanda mndandanda wa mayankho aliyense angachonge monga akufunira. Izi n'zoona, makamaka m'masukulu a CDSS momwe kalasi imodzi imadzaza mpaka pakhomo. Koma mndandandawo ukhoza kufunsa zina. Kodi mwanayu watchula lamulo lenileni limene lidaphwanyidwa? Kodi waonetsa kuti anthu adaliphwanya poyera, opanda zida, akudziwa chilango chowadikira? Kodi umboni wake uli kuti? Kufufuza zimenezi sikudya nthawi yoposa kuwerenga zaka.

Ndiponso mwana amene wayankha mafunso amenewa sangasokoneze Gomani ndi John Chilembwe, amene adanyamula zida mu January 1915. Angathe kuona kuti ku Thyolo, mu August 1953, zinthu zidasanduka chipolowe, ndipo kuti mpungwepungwe wa miyezi imeneyo udaphetsa anthu 11. Angathenso kufunsa funso lovuta. Gandhi, atayenda kuchoka ku Sabarmati kukafika ku Dandi mu 1930 kukaphwanya lamulo la mchere, adadikira kuti amumange. Gomani, atachotsedwa paufumu akudwala, adathawira ku Angonia mothandizidwa ndi m'busa Michael Scott, Apwitikizi n'kumubweza, ndipo adamwalira mu 1954. Kodi kuthawako kudachepetsa mphamvu ya zimene adachita? Mwana anene kuti inde kapena ayi. Wochonga ayese kulimba kwa zifukwa zake, asayese ngati akugwirizana ndi maganizo a aphunzitsi.

Pali mantha ena amene sitiwatchula poyera: akuti mutu umenewu ukaphunzitsidwa mozama, ana aphunzira kugalukira. Ine ndikuona mosiyana. Ana amene amaswa mawindo ndi kutentha laibulale chifukwa cha ndiwo zoipa palibe adawauzapo kuti munthu angakane chosalungama popanda kugenda mwala, n'kusenza yekha zotsatira zake.

Inu akuluakulu okonza mayeso a MSCE, ndi inu aphunzitsi a mbiri, gawani malikisi mwatsopano. Gawo lalikulu lipite ku zifukwa ndi umboni, laling'ono ku zaka ndi mayina, ndipo galamala muwasiyire aphunzitsi a Chingerezi.