Yunivesite ya mpingo izimva madandaulo a ophunzira

Mwana wa ku Kande akakhoza bwino Fomu 4 koma n'kusowa malo ku Mzuzu University kapena ku mayunivesite ena a boma, makolo amayang'ana ku sukulu za mipingo. Ambiri amaganiza za University of Livingstonia, yomwe Sinodi ya Livingstonia ya CCAP idatsegula mu 2003, pomwe ena amatumiza ana mpaka ku Catholic University ku Nguludi, ku Malawi Adventist University kapena ku Nkhoma. Fizi yake imachokera mu usipa woyanika pa thandala, m'chinangwa, ndi kwa achibale ovutikira ku Joni. N'chifukwa chake mwanayo akabwera ku holide n'kuyamba kudandaula za malamulo a kavalidwe, mapemphero okakamiza, ola lotsekera geti, kapena kubwezedwa pakhomo la chipinda cha mayeso kaamba ka fizi yotsala, makolo amamudula: tidakutumiza kukaphunzira, osati kukalimbana ndi abusa. Tikumvetsa mantha a makolowa, koma ife tikuti wophunzira amene akudandaula sadaukire mpingo, ndipo yunivesite yosowa njira yomveka yomverera madandaulo ikudzipweteka yokha.

Mpingo uli ndi ufulu woyendetsa sukulu yake motsatira chikhulupiriro chake. Ndime 25 ya malamulo aakulu a dziko lino imalola sukulu zomwe si za boma, ndipo ndime 33 imateteza ufulu wachipembedzo. Apa ndi pomwe akuluakulu a sukuluzi amaimapo ponena kuti walira mvula walira matope: wophunzira adawerenga malamulo, adasaina yekha, palibe adamukoka dzanja. Mawuwa akadakhala ndi mphamvu malo a m'mayunivesite a boma akadakhala okwanira. Koma aliyense akudziwa kuti okhoza mayeso a MSCE amachuluka kutalitali kuposa malo omwe alipo, choncho Msilamu, Mkatolika kapena wa Pentekosite amapezeka pa sukulu ya mpingo wina chifukwa ndi khomo lokhalo lomwe lidamutsegukira. Komanso kusaina kuti udzamvera malamulo sikuvomera kuti udzachotsedwa sukulu popanda kukumva mbali yako. Ndime 43 imati munthu aziweruzidwa mwachilungamo ndi kupatsidwa zifukwa zolembedwa pa chigamulo chomukhudza. Maloya angatsutsane ngati ndimeyi imafika pa sukulu ya mpingo, koma sukulu yopereka digiri yovomerezedwa ndi bungwe la boma la NCHE siyenera kukondwa ndi muyezo wotsika kuposa pamenepa.

Anthu a m'mbali mwa nyanja ku Chintheche safunika kupita kutali kuti aone zomwe zimachitika mpingo ukatseka makutu. Mishoni ya Livingstonia idasamukira ku Bandawe mu 1881 kuchoka ku Cape Maclear, ndipo Atonga adalandira sukulu ndi manja awiri. Mmodzi mwa anyamata anzeru omwe adakwera kukaphunzira ku Overtoun Institution ku Khondowe anali Elliot Kenan Kamwana. Iye adachoka pasukulupo mu 1901, atakhumudwa ndi fizi yomwe amishoni adakhazikitsa. Pa nthawiyo anthu ankadandaulanso kuti ankadikira zaka m'kalasi asanabatizidwe. Kamwana atabwerera kwawo mu 1908 ndi chiphunzitso cha Watch Tower, adabatiza anthu oposa 9,000 m'miyezi yowerengeka, mpaka boma la atsamunda lidamuchotsa m'derali mu 1909. Mbusa Yesaya Zerenji Mwasi, mmodzi mwa Amalawi atatu oyamba kudzozedwa ubusa ku Livingstonia mu 1914, naye adatuluka mu 1933 n'kuyambitsa mpingo wakewake, atatopa ndi momwe amishoni ankaonera abusa achikuda. Sitikunena kuti awiriwa ankalondola pa zonse. Mishoni inali ndi zifukwa zake zofunira fizi, monga momwe yunivesite ya lero ilili nazo, pakuti aphunzitsi sadya mapemphero. Koma madandaulo omwe adasowa powatula sadathere m'malere: adatuluka pakhomo, natenga anthu omwe mishoniyo idawaphunzitsa yokha.

Ena amaopa kuti ukangowapatsa mpata ophunzira, mawa adzafuna mowa m'mahositelo, mkuja adzaswa magalasi. Zoona, si dandaulo lililonse lomwe lili ndi mutu, ndipo sitikuona cholakwika kuti yunivesite ya mpingo iletse mowa kapena itseke geti usiku. Kumva munthu si kumuvomera. Koma chipwirikiti chimabuka kawirikawiri pomwe kukambirana kwachedwa. Mu 2019 mkangano wa hijabu pa sukulu ya Anglican ya M'manga ku Balaka udafika poti anthu adavulala, katundu n'kuonongeka, sukulu n'kutsekedwa. Mu 2021 atsogoleri a Chikhristu ndi Chisilamu, pansi pa bungwe la Public Affairs Committee, adasainirana mgwirizano pa nkhani yomweyo ya kavalidwe, ndipo palibe mpingo udagwa chifukwa chokhala pansi ndi odandaula. Mu 2023 Khothi Lalikulu ku Zomba lidagamula kuti ana a Chirasta asabwezedwe m'sukulu za boma kaamba ka tsitsi lawo. Chigamulocho sichidakhudze mayunivesite a mipingo, komabe chikusonyeza kuti lamulo la pasukulu masiku ano limafunsidwa chifukwa chake, ndipo "ndi mwambo wathu" sayankha funso lonse.

Pomwe pakufunika kuunikapo msanga ndi pa chilango chogwera mbali imodzi. Mtsikana akatenga pathupi, mimba imaonekera kwa onse, pomwe mnyamata kapena bambo yemwe adampatsa amapitiriza moyo wake osadziwika. Boma lidalola kuyambira mu 1993 kuti mtsikana wotere azibwerera kusukulu akabereka. Yunivesite ya mpingo, yomwe imalalikira za kukhululuka, isakhale youma mtima kuposa boma kwa munthu wamkulu wa zaka zoposa 18, woti amavota kale.

Tikupempha masinodi, mabishopu ndi makhonsolo a mayunivesitewa kuti bungwe la ophunzira lizisankhidwa ndi ophunzira eni ake ndi kukhala ndi mpando pomwe malamulo akukonzedwa, ndiponso kuti wopatsidwa chilango azitha kuchita apilo kwa anthu ena osati omwe adamuweruza poyamba. NCHE nayo isamangowerenga mabuku a m'laibulale ndi madigiri a aphunzitsi poyendera sukulu. Izifunsanso kuti dandaulo la wophunzira limapita kwa yani ndipo limayankhidwa pakatha masiku angati. Inu makolo a ku Kande, Chintheche ndi Tukombo, musanalipire fizi ya chaka choyamba itanitsani buku la malamulo a sukuluyo, muwerenge pamodzi ndi mwana wanu, ndipo mufunse komwe angakadandaule zinthu zikavuta.