Ulendo wa zaluso wa ophunzira a ku Chiuta sulira basi

Maulendo a ophunzira a kusekondale okaona zaluso ambiri amawatenga ngati a ana a m'tauni. Anthu akamva za ulendo wotere amaganiza za basi, ndalama zoti makolo asonkhe, ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale. M'boma la Mecanhelas, m'chigawo cha Niassa ku Mozambique, kaganizidwe kameneka kamapha ulendo usanayambe n'komwe. Ku Lichinga n'kutali. Ku Ilha de Moçambique, chilumba chimene UNESCO idachiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1991, ndiye kutali kotheratu, ndipo kholo lodalira chimanga, mpunga ndi nsomba silingatulutse ndalama zotero. Chonsecho sukulu za kumeneko zili ndi Nyanja ya Chiuta pakhomo, ndipo zimene ophunzira angakaone padoko sizichepa.

Nyanjayi ili m'malire a Malawi ndi Mozambique: kuzambwe kuli boma la Machinga, kuvuma kuli Mecanhelas. Si yakuya, mamita 3 kapena 4 basi, ndipo imakula n'kuchepa malinga ndi mvula. Kummwera kuli mtunda wamchenga umene umailekanitsa ndi Nyanja ya Chilwa, ndipo njanji ya ku Nacala, imene idatsegulidwa mu 1970, imadutsa pamenepo kuchoka pa Nayuchi kulowa ku Entre-Lagos. Kumpoto madzi ake amapita ku Nyanja ya Amaramba, kenako mumtsinje wa Lugenda, mpaka mu Rovuma. N'chifukwa chake madzi a Chiuta alibe mchere ngati a Chilwa, imene ilibe potulukira.

Mpata wa ulendo wotere m'maphunziro ulipo kale. Kuyambira mu 2004, sukulu za pulayimale ku Mozambique zidapatsidwa magawo 20 mwa magawo 100 a nthawi yophunzira kuti ziphunzitse za m'dera lawo, ndipo kusekondale kuli phunziro la zojambula lotchedwa Educação Visual. Lamulo la maphunziro la 2018 lidasuntha giredi 7 kupita kusekondale, choncho oyamba kumene ndi ana aang'ono, oti ulendo wapafupi wobwerako dzuwa lisanalowe ndiwo ukuwayenera.

Choyamba kuona ndi ntchito ya manja. Mono, msampha wa nsomba uja, ndi phunziro lathunthu la kapangidwe ka zinthu. Woluka amang'amba nsungwi kapena bango, amapala timizere kuti tifanane, kenako amatimanga ndi luzi mozungulira, kukamwa kotambasuka, kumatako kofinyika. M'kati amaikamo khomo lolowera lokhala ndi nsonga zoloza m'kati, kuti mlamba kapena makumba akalowa asaonenso potulukira. Kutalikirana kwa timizereto si kwa mwangozi ayi: ndiko kumanena kukula kwa nsomba yoti ikodwe ndi yoti ipulumuke. Wophunzira amene wakhala pansi ndi pensulo n'kujambula mono kuchokera kutsogolo, kumbali ndi kukamwa, waphunzira za muyeso ndi mizere kuposa amene wakopera chithunzi cha pabolodi. N'chimodzimodzinso ndi wosema bwato, amene amadziwa kuti thabwa lapyapyala mokwanira pongogogoda ndi kasemasema n'kumvera kulira kwake, komanso amayi oluka mikeka ndi mphasa, amene amawerenga mapatani pamtima popanda cholembera.

Pamenepa mphunzitsi wanzeru amakhala chete. Wofotokoza akhale mwini luso, m'chinenero chake, kaya ndi Chinyanja, Chiyao, Chimakuwa kapena Chilomwe. Chipwitikizi chidikire kukalasi polemba lipoti. Ana ambiri a m'derali miono adakula akuiona, ena ngakhale kuivuula adaivuulapo, koma sadaganizepo kuti agogo awo amadziwa chinthu choyenera kulembedwa m'kope la kusukulu.

Zisudzo nazo nkhani yake ili pomwepo. Mu 1995, chaka chimene Chilwa idaphwa, asodzi a mbali ya Malawi ya Chiuta adagwirizana zothamangitsa asodzi obwera amene ankagwiritsa ntchito nkacha, khoka la maso ang'onoang'ono lokokolola ndi ana a nsomba omwe, ndipo adakhazikitsa makomiti a padoko. Malamulo a mbali ziwiri za nyanjayi sadali ofanana, mwakuti mikangano siidathere pomwepo. M'nkhani imeneyi muli zonse zimene sewero limafuna: mfumu yapakati pa anthu ake ndi alendo, msodzi wothawa njala kwawo, mayi wogulitsa matemba amene sadziwa kuti aikire kumbuyo ndani. Ophunzira atacheza ndi akuluakulu a padoko, sewero lawo lingapose lija lozolowereka la mtsikana wotenga mimba ali pasukulu, limene latha mphamvu chifukwa chobwerezedwa pamsonkhano uliwonse.

Pa nyimbo, chitsanzo chili m'chigawo momwemo. Gulu la Massukos la ku Lichinga lidatchuka poimba m'zinenero za ku Niassa za ukhondo ndi madzi abwino, ndipo mtsogoleri wake, Feliciano dos Santos, adalandira mphoto ya zachilengedwe ya Goldman mu 2008. Chikondwerero cha chikhalidwe cha dziko lonse, Festival Nacional da Cultura, chidachitikira ku Niassa mu 2018, ndipo magulu amafikako atadutsa mipikisano ya m'maboma. Nyimbo zopalasira bwato, zokokera khoka ndi za pamtondo zingajambulidwe pa foni imodzi yokha n'kukaphunziridwa kukalasi. Koma pali malire. Gule Wamkulu, ngakhale UNESCO idamulemekeza mu 2005 m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia, za kudambwe si za ulendo wa sukulu, ndipo nyimbo za kujando ndi kunsondo zili ndi eni ake. Zimene anamkungwi anena kuti zisajambulidwe, zisajambulidwe.

Kukonzekera ndiko kumalekanitsa ulendo wophunzira ndi kungokayenda. Chaka cha sukulu ku Mozambique chimayamba mvula ili pakati, pamene misewu ya m'madambo ndi matope okhaokha, choncho nthawi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Seputembala. Mfumu ya m'deralo ndi akuluakulu a padoko auzidwe pasadakhale, makolo avomereze, ndipo pakhale mphunzitsi wamkazi woyang'anira atsikana. Kusamba m'nyanja kuletsedwe: muli likodzo, ndipo m'mabango mumabisala ng'ona. Kukweza gulu la ana m'bwato n'kosafunika, makamaka poti pamadzi malire a mayiko awiriwa saoneka.

Mmisiri amene wataya theka la tsiku akuphunzitsa ana ayenera kupatsidwa kangachepe, ndipo njira yaulemu ndi kumugula mono kapena mkeka umodzi. Zogulazo, pamodzi ndi zojambula za ana, zikakhomedwe pakhoma la kalasi, chilichonse ndi dzina la mudzi umene chachokera. Zida sizivuta: makala ochokera kukhitchini, dongo la kudambo ndi makatoni a kugolosale n'zokwanira pa teremu yoyamba, ndipo mphunzitsi aike malikisi pa ntchitoyo monga amachitira ndi mayeso ena onse.