CIYANJANO CA PAKAMWA SICIBWEZA MUNDA WA NABOTI

Abale ndi alongo a m'mapulazi a ku Mashonaland, inu a ku Mazowe, ku Bindura, ku Mvurwi, ku Karoi ndi ku Marondera, cherani khutu.

Akuluakulu a dziko lino agwirana canza katatu, nanena kuti Azungu ndi anthu akuda ayanjana. Katatu konse wanchito wa m'munda wa fodya anatsala kunja kwa mpanda. Tiyeni tiwerenge bwino, pakuti mlandu suola.

Koyamba ndi m'caka ca 1953, pamene anatimanga m'Citaganya ife tisanabvomere. Anati mitundu idzakhala pa ubwenzi. Koma Sir Godfrey Huggins, nduna yaikulu yoyamba ya Citaganyaco, anafanizira ubwenziwo ndi wa kavalo ndi womkwera. Kodi kavaloyo anali yani? Lamulo la Land Apportionment Act la 1930 linali litapereka kale pafupifupi theka la Southern Rhodesia kwa Azungu owerengeka. Lamulo la Masters and Servants la 1901 linkayesa wosiya nchito ngati wopalamula woyenera ndende. Ngakhale mu 1959, pamene boma linalola mabungwe a anchito akuda kuzindikirika, anchito a m'mapulazi ndi a m'nyumba linawasiya padera. Makolo athu anadza pa malole a Ulere ndi a Mthandizi, ena pansi kucokera ku Nyasaland ndi ku Tete, nadzalandira phoso la ufa, nyemba ndi mcere, nagona m'komboni. Pa Sabata bwana ndi wanchito ankapemphera kwa Mulungu mmodzi m'nyumba ziwiri.

Wina angati, ndiye kuti Mzungu ali yense ndi mdani? Iai. Mkristu sanganene cotero, ndipo mbiri ya dziko lino ikanamtsutsa. Wansembe Arthur Shearly Cripps anagula malo pafupi ndi Enkeldoorn, kumene lero ndi ku Chivhu, nawacha Maronda Mashanu, nakhazikapo anthu akuda. Anayenda pansi, anagona m'kanyumba ka udzu, anakangana ndi boma za nthaka, namwalira wosauka mu 1952. Guy Clutton-Brock analima pamodzi ndi anthu akuda ku St Faith's, ku Rusape, namangidwa mu 1959. Pambuyo pace anali pa Cold Comfort Farm, pafupi ndi Salisbury, pamene akuda ndi oyera ankagwira khasu limodzi ndi kudya mbale imodzi. Boma la Ian Smith linatseka pulaziyo mu 1971, nilimpitikitsa m'dziko. Amuna awa ciyanjano cinawadyera cuma ndi ufulu wao. Ndico cizindikilo cace ca ciyanjano ceniceni: wamphamvu amataya kanthu. Zakeyu sanathere pa kulandira Ambuye m'nyumba mwace. Analonjeza kubweza kanai zimene analanda.

Kaciwiri ndi mu 1980. Robert Mugabe anauza mtundu kuti adani a dzulo akhale abale. Anali mau abwino, ndipo anapulumutsa mwazi. Koma amene anayanjana ndi boma latsopano ndi eni mapulazi. Malipiro anakwera pang'ono, bungwe la GAPWUZ linayamba kulowa m'mapulazi, koma wanchito anakhalabe m'nyumba imene si yace, pa nthaka imene si yace. Nchito ikatha, nyumbanso yatha.

Tsono mu 2000 mapulazi anayamba kulandidwa. Kuti nthaka inayenera kubwerera kwa eni dziko, ife sitikana: Ahabu sangasunge munda wa Naboti kosatha. Koma taonani cimene cinagwera anchito. Zikwi zambiri anataya nchito ndi pogona, ndipo amene analandirako minda anali ocepa. Ana ndi adzukulu a macona, obadwira m'komboni, osadziwa njira ya ku Dedza kapena ku Mulanje, anachedwa alendo ndi Mabhurandaya. Lamulo la unzika la 2001 linawauza kuti akane unzika wa dziko limene ambiri sanalipondepo, ndipo ocuruka anatsala opanda dziko. Apa tinene zoona ngakhale ziwawe: amene anacita izi ndi akuda anzathu, obatizidwa ubatizo womwewo. Tsankho siliyera cifukwa wolicita ndi wakuda.

Kacitatu ndi mu 2020, pamene boma linapangana ndi Azungu amene anali eni mapulazi kuti lidzawalipira madola a ku America 3.5 biliyoni cifukwa ca nyumba, madamu ndi zina zimene zinamangidwa pa malowo. Tifunse: anaumba njerwa za zigafa ndani? Anakumba madamu ndani? Panganolo ndi la boma ndi eni mapulazi. Dzina la woumba njerwa liri pa tsamba liti?

Cifukwa cace tipempha zinthu zitatu. Coyamba, malamulo akulu a dziko a 2013 anati wobadwira muno, amene kholo lace linacokera ku dziko la SADC, ndi nzika ngati akhala muno. Tsono ali yense wotere apatsidwe citupa popanda kumzunguza. Caciwiri, banja limene lakhala pa pulazi mibadwo iwiri kapena itatu lipatsidwe malo a nyumba ndi kamunda, ndipo manda a makolo ace asalimidwe. Cacitatu, mipingo yonse, CCAP Harare Synod, Anglican, Katolika ndi Methodist, iitane pa bwalo limodzi Mzungu amene anacoka, mlimi watsopano amene analowa, ndi wanchito, kuti ali yense amve mlandu wa mnzace pamaso.

Kukhululuka tidzakhululuka, pakuti Ambuye anatilamula. Koma abusa asatiuze kuti tiiwale pamene cobweza sicinabwezedwe. Ndipo inu abale, musadikire kuti ena akulankhulireni. Anyasa a pa mgodi wa Shamva anaima pamodzi mu 1927 alibe bungwe lobvomerezeka. Inu muli nalo. Lowani m'bungwe, lembetsani ana anu, funsani abusa anu Sabata likudzali kuti iwo aima mbali iti.