MFUU WA KHAMU SI CHIWERUZO

Abale ndi alongo a m'nthambi yathu,

Pa msonkhano wapitawu panabuka mkangano umene sitinaumalize chifukwa dzuwa linalowa. Nkhani yake inali ya akuba fodya ndi ng'ombe. Mkulu wina anaimirira nati wakuba amene anamgwira m'chigafa chake anangopatsidwa miyezi yowerengeka, ndipo lero akumwa mowa pamsika. Ambiri anaomba m'manja pamene ananena kuti oweruza azifunsa ife eni mudzi chilango choyenera munthu wotere, ndipo ena anafuula kuti anyongedwe basi. Tinalemba zonsezi m'buku la misonkhano, tsono tifuna kuyankhapo poyera.

Mkwiyo umenewu tiumvetsa ndithu. Munthu amene wathirira nazale ndi ndowa, nawokera, nathyola, nasoka fodya wake, kenaka wina n'kudzamtuta usiku umodzi, sangamve za chifundo. Ng'ombe ziwiri za pangolo ndizo sukulu ya ana ndi mankhwala a banja lonse. Koma tisanapemphe kuti chilango chizigamulidwa ndi mfuu wa anthu, tiyeni tikumbuke kuti dziko lino linayesapo kale njira imeneyi.

Kuyambira 1968 kufikira 1970 anthu ambiri anaphedwa usiku m'nyumba zao ku Chilobwe ndi m'madera ena a mu Blantyre. Mantha anagwira dziko lonse. Mu 1969 Khoti Lalikulu linamasula anthu asanu amene anaimbidwa mlandu wa kuphako, pakuti umboni unali wosakwana. Anthu anakwiya, ndipo ku Nyumba ya Malamulo aphungu ndi nduna zomwe ananena kuti malamulo a Azungu akupulumutsa zigawenga. Chaka chomwecho lamulo linasinthidwa, ndipo kuyambira 1970 makhoti a mafumu a m'zigawo anapatsidwa mphamvu yozenga milandu ya kupha ndi kugamula chilango cha imfa. M'makhoti amenewa woimbidwa mlandu sanali kuloledwa kukhala ndi loya. Komatu pambuyo pake munthu wina, Walla Laini Kawisa, ndiye anapezeka wolakwa pa za ku Chilobwe. Akanati anyongedwe asanu aja monga khamu linafunira, ndani akanawadzutsa?

Ndipo chingwe chimene anachilukira zigawenga sichinathere pa zigawenga. Makhoti omwewo anapatsidwanso milandu youkira boma. Albert Muwalo anaweruzidwa komweko nanyongedwa mu 1977. Mu 1983 anagamula imfa kwa Vera Chirwa ndi mwamuna wake Orton Chirwa, amene anakhalapo Nduna ya Zachilungamo. Chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse, ndipo Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Ife a kuno sitisowa wotiuza za masiku amenewo, pakuti Dzaleka ili pakhomo pathu pomwe, kumene anthu anali kutsekeredwa mlandu wosazengedwa malowo asanasanduke msasa wa othawa kwao mu 1994. Makhoti a m'zigawo aja anaimitsidwa mu 1993. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kodi tsono tikuti anthu atseke pakamwa? Iyayi. Mau a anthu ali ndi makomo awiri olowera, ndipo onse ali otsegula.

Khomo loyamba ndi Nyumba ya Malamulo. Pamene abale athu achialubino anali kuphedwa ndi kufukulidwa m'manda, dziko linalira, ndipo mu 2016 aphungu anakhwimitsa zilango za milandu yotere. Umo ndimo muyenera kukhalira. Lamulo lipangidwa masana, anthu atakambirana, lisanadziwe nkhope ya amene lidzamgwire, kaya ndi mlendo kaya ndi mphwathu.

Khomo lachiwiri ndi bwalo lenilenilo la milandu. Kale aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha anali kulandira chilango cha imfa, woweruza afune asafune. Mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, Khoti Lalikulu linati zimenezi n'zosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Kuyambira 2015 milandu ya akaidi aja inaunikidwanso umodzi umodzi. Anthu anayenda m'midzi kukafunsa anyakwawa ndi achibale za khalidwe la mkaidi, za chimene chinayambitsa ngoziyo, ndiponso ngati mudzi ungamlandire. Oposa 100 anatuluka nabwerera kwao. Taonani, apa mudzi unalankhula ndipo unamveka, koma unalankhula monga mboni yonena zimene idziwa, ndipo wogamula anakhala woweruza amene anamva mbali zonse ziwiri.

Kusiyana kwake n'kumeneku. Khamu lidziwa kuwawa kwa chotayika, koma silifunsa ngati wagwidwayo ndiye wakubadi, kapena ngati wamloza chala ndi munthu amene alimbirana naye malire a munda. Ife aphunzitsi tizidziwa izi bwino. Choko chikasowa m'kalasi ana onse amatchula dzina limodzi, ndipo kawirikawiri amatchula mwana amene samkonda.

Chifukwa chake tipempha zinthu zitatu. Choyamba, wakuba akagwidwa apite kupolisi ali wamoyo ndi wamphumphu, pakuti omenya ndi otentha munthu adzayankha okha mlandu woposa wa fodya uja. Chachiwiri, mlandu ukalowa kwa majisitireti ku Dowa, ku Mponela kapena ku Ntchisi, mboni zisagone kumudzi poopa ulendo. Nthambi isonkherane ya basi, ndipo wobedwa akafotokoze bwinobwino thukuta limene lapita ndi ana amene asiya sukulu. Woweruza sangaganizire zimene sanazimve. Chachitatu, ngati tiona kuti chilango cha akuba ziweto ndi mbewu n'chopepuka, tilembe kalata imodzi, anyakwawa asainire, ndipo tiitane phungu wathu adzailandire pamaso pathu ndi kutiuza tsiku limene adzatibweretsere yankho.

Pa msonkhano ukudzawu kalatayo tidzayamba kuilemba. Mkulu uja wa chigafa tampempha kuti akhale woyamba kulankhula, ndipo wavomera. Bwerani nonse, amayi ndi abambo, ndipo mufike dzuwa likadali pamutu.

Mlembi wa Nthambi