MAINA A KU FREE STATE

Sabata lino ndifuna ticheze za maina a malo a golide ku Free State, chifukwa ambiri a ife timalemba mainawa pa makalata opita kumudzi koma osadziwa tanthauzo lache. Akulu anati safunsa anadya phula.

Kale dera limeneli linali la minda ya chimanga ndi makola a ng'ombe basi. Mudzi wache unali Odendaalsrus, ndiko kunena popumulira Odendaal, Mbunu amene anali mwini munda. Kummwera, pafupi ndi mtsinje wa Sand, Azungu awiri oyesa njira ya njanji anazokota dzina la kwao ku America pamwala m'chaka cha 1890. Dzinalo ndilo Virginia, ndipo linamera mizu kufikira lero.

M'chaka cha 1933 Allan Roberts anayamba kuboola pansi pa munda wa Aandenk kufuna golide. Ndalama zinamthera atatsala pang'ono kufika pa mwala wa golidewo. Mudzi wa Allanridge unatenga dzina lache, ndipo pamene anaboolapo anaimikapo chikumbutso. Ngati muli pafupi, kachioneni tsiku la Sabata.

Golide wochuluka anapezeka mu April 1946 pa munda wa Geduld. M'chinenero cha Mabunu dzinali ndilo kudekha, ndipo kwathu timati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chaka chotsatira, 1947, kampani ya Anglo American ya Sir Ernest Oppenheimer inayamba kumanga mzinda pa munda wa Welkom, ndiko kuti "takulandirani." Anthu akuda anawaika padera ku Thabong, limene m'Chisutu ndilo malo a chimwemwe.

Sikuti maina onse ngokondweretsa ai. Usiku wa pa 22 February 1994, itagwa mvula yamphamvu, damu la matope a mgodi linagumuka ndi kukwirira nyumba za ku Merriespruit mu Virginia. Anthu 17 anafa. Potchula dzina limenelo tiziwakumbukira.

Tsono taonani chinthu ichi. Maina akale akumbutsa eni minda, oyesa njanji ndi oboola pansi. Nanga amuna zikwizikwi ochokera ku Lesotho, Mozambique, Malawi ndi Transkei, amene anatsika m'mashafti ndi kuswa mwala m'kutentha koopsa, dzina lao liri kuti? Ena anabwerera kwao ndi fumbi m'chifuwa, ena anaikidwa komweko kutali ndi abale ao.

Yankho ine ndalipeza m'maina atsopano. M'chaka cha 2000 Welkom, Virginia, Odendaalsrus, Allanridge ndi midzi ina yoyandikana inaikidwa pansi pa khonsolo imodzi yochedwa Matjhabeng, ndiko kuti pokumanira mitundu ya anthu. Boma lonselo likuchedwa Lejweleputswa, mwala wotuwa, mwala womwewo umene manja a anthu a nchito anautulutsa pansi. Maina awiriwa ndiwo athu.

Migodi yambiri ya kumeneko inatsekedwa, ndipo golide saphukanso ngati chimanga. Chifukwa chache ndikupemphani kuti pobwerera kumudzi musangonyamula katundu yekha. Nyamulaninso maina awa, mukauze ana anu kumene atate ndi agogo ao anakhetsa thukuta.

Tsalani bwino, tidzachezanso sabata la mawa.