F ya Seattle: chifukwa chake giledi ya draft iyenela kudikila

Chaka chilichonse chakumapeto kwa April, matimu 32 a NFL ku America amasankha anyamata ochokela m'makoleji, ndipo pofika m'mawa mwake akatswili a pa TV na pa intaneti amakhala atapeleka kale magiledi: timu iyi yapeza A, iyi C, iyi yafeluka. Panthawi imeneyo palibe mnyamata olo mmodzi amene wavalako yunifomu ya timu yake yatsopano. Ise amene timatsatila bola ya ku America tili kuno timatenga magiledi amenewa n'kuyamba kukangana nawo m'magulu a WhatsApp monga kuti ni zotsatila za mayeso a Giledi 12. Ine nikamba kuti giledi yopelekedwa tsiku lotsatila draft imangoyeza ngati timu yagwilizana na mndandanda wa munthu amene akupeleka gilediyo. Za osewela enieniwo siikamba zambili. Nkhani ya Seattle Seahawks mu 2012 ionetsa zimenezi bwino.

Kwa imwe amene munazolowela Premier League, kumene timu ya ndalama zambili imangogula amene ifuna, draft ni chinthu china. Ili na maraundi 7. Timu imene inachita zoipa kwambili chaka chatha ndiyo iyamba kusankha, ndipo imene inatenga chikho imakhala yothela. Matimu angasinthane malo osankhila monga katundu pamsika. Komanso timu iliyonse ili na malile a ndalama zimene ingalipile osewela ake onse pamodzi, ndipo mu 2012 malile amenewa anali madola 120.6 miliyoni. Kuyambila mu 2011, mnyamata wosankhidwa pa draft amasaina kontilakiti ya zaka zinayi pa malipilo oikidwilatu, otsika kwambili powayelekezela na a osewela akale. Ndiye mukapeza katswili pa draft, mwapeza wanchito wabwino pa mtengo wochepa kwa zaka zinayi. Apa ndiye pagona nkhani yonse.

Mu April 2012, kochi Pete Carroll na mkulu wosankha osewela John Schneider anatenga anyamata 10. Atatu oyambilila ndiwo anautsa mkwiyo. Pa nambala 15 anatenga Bruce Irvin wa ku West Virginia, amene ambili anali kumuyembekezela mu raundi yachiwili, poganiza kuti adziwa nchito imodzi chabe, yothamangitsa quarterback. Pa nambala 47 anatenga Bobby Wagner wa ku Utah State, koleji yosachuka kwambili pa bola, mnyamata amene sanapezeke olo pa mayeso a mphamvu na liwilo a ku Indianapolis chifukwa anali kudwala chibayo. Pa nambala 75 anatenga Russell Wilson wa ku Wisconsin kukhala quarterback, uja amene amaponya bola na kutsogolela mbali yofuna zigoli. Wilson ni wamtali pafupifupi masentimita 180, pamene anzake ambili pa malo amenewo amafika 190. Choipilapo, mwezi umodzi m'mbuyomo Seattle inali itasaina kale quarterback wina, Matt Flynn wochokela ku Green Bay, na kumulonjeza madola 10 miliyoni otsimikizika. Anthu anafunsa kuti, mwaonongelanji malo pa kamnyamata kafupi kamene kadzangokhala pa benchi?

Mel Kiper wa ESPN, amene ni dzina lalikulu pa nkhani za draft, anapeleka C minus. Wolemba wina wa Bleacher Report anapeleka F.

Manje onani zimene zinachitika. Wilson anamulanda malo Flynn masewela a ligi asanayambe n'komwe. M'chaka chake choyamba anaponya ma touchdown 26, kufanana na mbili imene Peyton Manning anaika mu 1998 kwa osewela atsopano. Irvin anagwetsa ma quarterback maulendo 8, kuposa mnzake aliyense amene analowa naye mu ligi chaka chimenecho. Wagner anakhala mtima wa difensi kuyambila pachiyambi. J.R. Sweezy, amene anatengedwa pa nambala 225 ali wosewela wa difensi, anamusandutsa wochinga kutsogolo kwa quarterback ndipo anapeza malo okhazikika. Pa 2 February 2014, Seattle inakwapula Denver Broncos 43 kwa 8 na kutenga Super Bowl yake yoyamba. Kuchoka pa F kufika pa chikho sipanapite olo zaka ziwili.

Mwina mukamba kuti, chabwino, tsiku limodzi silikwanila, koma chaka chimodzi chikwanila. Nikana. Mu draft imodzimodziyo, Washington inapatsa St. Louis Rams malo atatu a raundi yoyamba na amodzi a raundi yachiwili kuti ikwele pa nambala 2 n'kutenga Robert Griffin III. Chaka choyamba Griffin anawala ngati dzuwa: anatengela timu yake ku ma playoff ndipo analandila mphoto ya wosewela watsopano wopambana ku mbali yofuna zigoli. Aliyense amene akanapeleka giledi mu December 2012 akanalemba A. Koma mu January 2013, pa masewela olimbana na Seattle yomweyi, bondo lake linawonongeka, ndipo sanabwelelenso mwakale. Pofika 2015 malo ake anali atatengedwa na Kirk Cousins, amene Washington inamusankha pa nambala 102 mu draft yomweyo anthu n'kumadandaula kuti ni kuononga malo. Chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyelele. Trent Richardson, amene Cleveland inamutenga pa nambala 3, anasinthidwa kupita ku Indianapolis mu September 2013, atangosewelako chaka chimodzi na masabata ochepa.

Nanga gulu la osewela atsopano tiliyeze bwanji? Ine niona kuti pali mafunso atatu, ndipo awili mwa iwo sangayankhidwe zaka zitatu zisanakwane.

Loyamba: ni angati amene timu inafuna kuwasunga kontilakiti yoyamba itatsala pang'ono kutha? Apa timu imavota na ndalama zake, ndipo ndalama sizinama monga pakamwa pa kochi. Mu 2015 Seattle inapatsa Wilson kontilakiti yatsopano ya madola 87.6 miliyoni na Wagner ya madola 43 miliyoni, onse kwa zaka zinayi. Irvin sanamuwonjezele, ndipo mu 2016 anapita ku Oakland Raiders. Ndiye kuti pa Irvin, otsutsa aja sanalakwe kothelatu: anali wosewela wabwino, koma sanafike pa msinkhu umene nambala 15 imalonjeza. Jaye Howard na Winston Guy, amene anatengedwa m'maraundi apakati na akumapeto, anachotsedwa pambuyo pa chaka chimodzi chabe. Olo gulu lotamandika chonchi linali na madeya ake. Pa anthu 10, akatswili awili na osewela odalilika atatu kapena anayi ni zokolola zochuluka kwambili.

Lachiwili: kuchipa kwa anyamatawo kunathandiza timu kugula chiyani? Kontilakiti yoyamba ya Wilson inali pafupifupi madola 3 miliyoni kwa zaka zinayi zonse pamodzi, pamene ma quarterback akuluakulu anali kulandila ndalama zoposa zimenezo kangapo m'chaka chimodzi. Ndalama zimene zinatsala zinathandiza Seattle kubweletsa Michael Bennett na Cliff Avril mu 2013, amuna amene anasowetsa mtendele Manning pa tsiku la Super Bowl. Phindu la nambala 75 silinali m'dzanja la Wilson chabe. Linalinso m'thumba la timu.

Lachitatu ndilo lokha limene tingayankhe usiku wa draft: kodi timu inalipila zingati, ndipo maganizo ake anali omveka malinga na zimene zinali kudziwika? Pa ichi, opeleka magiledi anaphonya chinthu chimene chinali poyela. Seattle inali na nambala 12, koma inatsika kufika pa 15 posinthana na Philadelphia. Inalinso na nambala 43, n'kutsika kufika pa 47 posinthana na New York Jets. Pa kutsika kuwili kumeneku inapeza malo ena anayi owonjezela. Washington inaika zaka zitatu za tsogolo lake pa bondo la munthu mmodzi, pamene Seattle inali kuwonjezela matikiti. Popeza palibe amene adziwa motsimikiza kuti ni mnyamata uti adzakula bwino, wanzelu ni amene asonkhanitsa mipata yambili.

Pali zimene munthu woona mtima anganitsutse nazo, ndipo siniyenela kuzibisa. Ngati Carroll na Schneider anali kudziwa kuti Wilson adzakhala chimene anakhala, n'chifukwa chiyani anadikila mpaka nambala 75? Timu ina iliyonse ikanamutenga. Jacksonville, pa nambala 70, inasankha Bryan Anger, amene nchito yake ni kumenya bola kutali timu ikalephela kupita patsogolo. Mwayi unalipo, ndipo waukulu. Chaka chotsatila, anthu awili omwewa, na maso omwewo, anasinthanitsa malo awo a raundi yoyamba na Percy Harvin wa ku Minnesota, n'kutenga Christine Michael pa nambala 62, ndipo gulu la 2013 silinabale zipatso zambili. Komanso Wilson sanagwe pa nthaka youma. Anapeza Marshawn Lynch akuthamanga na bola ngati ng'ombe yolusa, anapeza Earl Thomas, Kam Chancellor na Richard Sherman ku difensi. Mukanamuika mu timu yosokonezeka imene isintha makochi chaka na chaka, mwina lelo tikanamukumbukila ngati kamnyamata kafupi kamene kanayesako.

Zonsezi nizivomela, ndipo zilimbitsa mfundo yanga. Ngati mwayi, kuvulala, kochi na anzake a mu timu zili na mphamvu yaikulu chotele pa tsogolo la wosewela, ndiye munthu wokhala mu situdiyo angadziwe bwanji zotsatila pasanathe maola 24? Zimene ali nazo ni mndandanda wake, umene anaulemba poonelela mavidiyo a ku koleji na kumvetsela mphekesela. Timu ikasankha mogwilizana na mndandandawo, iye amati A. Ikasankha mosiyana, amati yathamangila munthu. Giledi yotele ni mayeso amene wochonga analemba yekha mayankho asanaone n'komwe mmene funso lidzathele.

Sinikamba kuti tileke kuwelenga magiledi. Amatithandiza kudziwa maina atsopano, mphamvu na zofooka za mnyamata aliyense, na malo amene timu ili na njala. Amapatsanso anthu chokambilana m'miyezi yaitali ija pamene kulibe masewela. Vuto liyamba pamene tiwatenga ngati chiweluzo, n'kuyamba kutukwana mnyamata wa zaka 22 amene sanagwileko bola mu ligi, kapena kuvala wina chisoti chaufumu chifukwa cha masewela atatu abwino mu September.

Kumbukilani mmene Seattle inaluzila Super Bowl yotsatila, pa 1 February 2015. Itatsala sitepe imodzi kuti ilowetse touchdown yopambanila, bola ya Wilson inagwidwa na Malcolm Butler wa New England Patriots, ndipo masewela anatha 28 kwa 24. Butler anali m'chaka chake choyamba, wochokela ku West Alabama, ndipo matimu onse 32 anamudumpha m'maraundi onse 7 a draft ya 2014. Pa magiledi a chaka chimenecho dzina lake silinali nkhani kwa aliyense.

Ndiye April ikadzafikanso, mnzanu akakutumizilani chithunzi choonetsa kuti timu yanu yapatsidwa D, musakwiye. Funsani kuti timu yalipila zingati, yasonkhanitsa malo angati, ndipo anyamatawo akupita kwa kochi wotani. Zotsalazo zisungeni mu foni, mudzazitsegule pakapita zaka zitatu. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.